Kebulo ya magiya yadukira mkati mwa shifita, ndiyambire pati?

Phirilokwera: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Njinga yanga ndi ya kumapiri, magiya 9 kumbuyo, shifita yake, chodinira posintha magiya, ndi Shimano ya zala ziwiri ija, chachikulu chimakankha, cholozera chimakoka. Kwa masabata awiri magiya akhala akundivuta. Ndikadina kamodzi tcheni sichikwera, ndikadinanso chimalumpha sipuloketi imodzi, kagudumu ka mano kakumbuyo kaja. Dzulo ndili pakati pa chitunda ndinangomva kuti thwa, kodinira kaja n'kungokhala lende, tcheni n'kuthawira pa sipuloketi yaying'ono kwambiri. Kunyumba ndinafika ndikukankha. Kumbuyo kebulo idakali yomangika bwinobwino, ndiye kuti yadukira kutsogolo. Ndagula yatsopano, koma shifita sindinaitsegulepo chibadwire. Ndiyambire pati?

Tcheni9: Pepani achimwene. Zimene mwakhala mukuona masabata awiriwo linali chenjezo lake. Kebulo ya magiya ndi timawaya tambiri topotana, ndipo sitiduka tonse nthawi imodzi. Timayamba kuduka kamodzikamodzi pafupi ndi kamutu, pomwe kebulo imapindika nthawi zonse mukamadina. Pakali pano musadinenso shifitayo. Mukamadina, tizidutswa tija timalowa m'mano a mkati, ntchito ya mphindi zochepa n'kusanduka ya tsiku lonse.

MkonziWakale: Musanagwire kalikonse, tationetseni kebulo mwagulayo. Kamutu kake n'kotani?

Phirilokwera: Kamutu kake n'kozungulira ngati kang'oma, kakukulirapo ndithu, ndipo kagona mopingasa pa waya. Wogulitsa anati ndi ya njinga za kumapiri.

MkonziWakale: Sananame, ndi ya njinga za kumapiri, koma ndi ya mabuleki. Kabwezeni. Ya magiya ndi yowonda, mamilimita 1.2, ina 1.1, pomwe ya mabuleki imakhala 1.5 kapena 1.6. Kamutu ka ya magiya n'kakang'ono, pafupifupi mamilimita 4, ndipo kamatsata waya mowongoka, sikapingasa. Kang'oma kanuko sikangalowe mu shifita ngakhale mutakakhomerera. Utali wake nthawi zambiri ndi mamita 2.1, ndipo umakwanira kumbuyo. Ngati ali nayo yosachita dzimbiri, ya stainless, tengani imeneyo. Mugulenso paipi yake imene kebulo imadutsamo, pamodzi ndi tizipewa ta kumapeto kwa paipi ndi kachisoti kofinyira kunsonga kwa waya.

Phirilokwera: Zikomo akulu, safunsa anadya phula. Koma paipi yakaleyo ikuoneka yabwinobwino, sinang'ambike paliponse. Singagwire ntchito?

Sipoko36: Ingagwire aise, osataya ndalama. Ine ndasintha makebulo atatu m'paipi imodzi yomweyi. Thiramo oyilo basi.

MkonziWakale: Njinga ndi yanu, a Phirilokwera. Ine ndanena zanga, tidzaonana pomwepo.

Phirilokwera: Ndabwerako. Kebulo yoyenera ndaipeza, kamutu kakang'ono monga munanenera. Paipi sindinagule kaye. Tsopano ndiitsegule bwanji?

MkonziWakale: Yambani kumbuyo. Masulani bawuti yogwira kebulo pa derailleur, chida chimene chimasuntha tcheni pa masipuloketi, kawirikawiri imafuna sipanala ya aleni ya mamilimita 5. Musanachotse waya wakaleyo, mujambuleni ndi foni mmene wadutsira pansi pa bawutiyo. Izi ndikunenetsa, mujambule. Mukatero solorani kebulo yakale chakumbuyo, poti kutsogolo yaduka kale.

Kenako pitani ku shifita. Dinani kodinira kotsitsa, ka chala cholozera, mpaka kutha, ngati mukupita ku sipuloketi yaying'ono kwambiri. Apa mpamene kamutu kamabwera moyang'anana ndi bowo lotulukira. Pathupi pa shifita, mbali yotsutsana ndi kumene paipi imalowera, pali kasikuluwu kapulasitiki kotseka bowolo. Kamasuleni pang'onopang'ono, pulasitiki yake ndi yofewa, ndipo kakagwa pansi muzikafunafuna mpaka dzuwa kulowa. Unikani ndi tochi, kamutu kakale mukaona.

Tcheni9: Ndiwonjezere pang'ono. Kebulo ikakhala yathunthu umangoikankha kuchokera kumbuyo, kamutu n'kutuluka kokha. Yanu yaduka, ndiye palibe chokankhira. Tengani singano yaikulu kapena sipoko yakale yonoledwa, muzikodola kamutuko mpaka katuluke. Timawaya totsala muzitizula ndi kapulayala kosongoka. Nthawi zina shifita imakana kubwerera mpaka kumapeto chifukwa cha zidutswazo, ndiye mumatsegula chivundikiro chake chapansi. Chivundikiro chokha, achimwene. Nati yapakati yogwira masipuling'i musaikhudze. Ine ndinaimasulapo, zinthu zinauluka, ndipo shifita imeneyo ili m'kachitini mpaka lero.

Phirilokwera: Haa, ntchito ilipo. Kamutu katuluka patatha pafupifupi ola, ndi timawaya tinayi topindikapindika. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu. Chala chalasidwa kawiri. Tsopano shifita ikudina bwino, ndawerenga ikulira maulendo 8.

Tcheni9: Ndi momwemo. Magiya 9 amalira maulendo 8. Ikanalira 6 kapena 7 tikanati mudakali chidutswa.

Kadzidzi: Poti tikudikira kuti alowetse kebulo, ndiponyepo kambiri. Waya woyenda mkati mwa paipi chonchi amamutcha Bowden cable, kutengera Ernest Bowden amene analembetsa luso limeneli ku Britain mu 1896. Kwa zaka zambiri magiya analibe kudina kowerenga. Unkangokoka kachitsulo mpaka tcheni chisiye phokoso, khutu ndi limene linkakuuza kuti walowa. Shimano inatulutsa magiya odina motsatana mu 1984 pa njinga za mpikisano wa pamsewu, ndipo patapita zaka zochepa anafika pa njinga za kumapiri. Kuyambira pamenepo kebulo inasiya kukhala chingwe wamba. Shifita imakoka muyezo wake weniweni, ndipo paipi ikafinyika pang'ono chabe, muyezowo wasokonekera.

Sipoko36: A Kadzidzi mwayambanso sukulu. Munthu akufuna akwere njinga, osati alembe mayeso.

Kadzidzi: Mayeso akubwera, madala, dikirani.

MkonziWakale: Tipitirize. Shifita ikadali pa giya yomaliza ija, lowetsani nsonga ya kebulo yatsopano pabowo munatsegula, idutse mpaka itulukire mbali ya paipi. Ikokeni mpaka kamutu kakhale m'malo mwake. Muyese musanapite patali: gwirani waya mokoka ndi dzanja limodzi, dinani ndi linalo. Muzimva waya akukokedwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukadina. Ngati simukumva kanthu, kamutu kadutsa pambali, tulutsani muyambirenso. Zikatheka bwezerani kasikuluwu kapulasitiki.

Musadule kebulo mpaka zonse zitatha. Nsonga yake ya ku fakitale ndi yomatidwa, imadutsa m'paipi mosavuta. Mukaidula msanga imayamba kumasuka ngati tsache.

Pali kanati kena kopotokola ndi zala pomwe paipi imalowa mu shifita, dzina lake barrel adjuster. Njinga zina zili nako kenanso pa derailleur, zina zilibe. Kalowetseni mpaka kumapeto, kenako mukabweze kawiri, kuti mudzakhale ndi mpata mbali zonse. Tcheni chikhale pa sipuloketi yaying'ono. Kokani waya ndi zala kuti asakhale wolendewera, osachita kudzipha nako kukoka, n'kumanga bawuti. Mange molimba koma osaphwanya waya. Amene ali ndi sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, Shimano imanena 6 mpaka 7 Nm.

Mlongo_wa_Njinga: Pepani kulowerera, funso langa likufanana. Yanga kebulo imalowa mkati mwa felemu pafupi ndi handulo n'kukatulukira kumbuyo. Ndikasolola yakaleyo, yatsopano ndidzailondolera bwanji mumdimamo?

Tcheni9: Achemwali, musasolole chisawawa, mudzalira. Onani kaye ngati paipi imayenda yathunthu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ngati ndi choncho, waya yekha savuta, amangotsata paipi. Ngati mkati mwa felemu waya amayenda wamaliseche, tengani kapaipi kapulasitiki kowonda kwambiri, mukaveke pa waya wakale kuchokera kumbuyo mpaka katulukire kutsogolo, mukamate ndi tepi pa felemu mbali zonse. Mukasolola wakale, watsopano amadutsa m'kapaipi komweko, kenako mumakachotsa. Posintha paipi yeniyeni, lumikizani yatsopano ku yakale, yakale ikokere inzake.

Mlongo_wa_Njinga: Nanga amene wasolola kale? Ndikufunsira mnzanga.

Tcheni9: Hahaha, mnzanuyo atenge ulusi wosokera, aulowetse pabowo lina, mbali inayo akoke mpweya ndi makina oyamwa fumbi. Ulusi ukatuluka amangirirepo waya. Maginito amphamvu amathandizanso kutsogolera nsonga poyendetsa kunja kwa felemu, bola felemuyo isakhale yachitsulo. Mumuuze mnzanuyo kuti tonse tinadutsamo.

Phirilokwera: Abale, kebulo ndaika, ndamanga, magiya akusintha. Koma sizili bwino. Pa masipuloketi atatu ang'onoang'ono zikuyenda. Ndikamakwera chapakati phokoso limayamba, ndipo yaikulu kwambiri tcheni sichikufikako n'komwe. Ndikapotokola kanati kaja kuti zapamwamba zikhale bwino, zapansi zimasokonekera.

Sipoko36: Zophweka izo aise. Kumbuyo pa derailleur pali masikuluwu awiri olembedwa H ndi L. Masula wa L kangapo, tcheni chifika pamwamba.

Phirilokwera: Ndamasula kanayi. Sichinafikebe. Ndiye ndinakankha derailleur ndi dzanja ndikuzunguza pedulo kuti ndione, tcheni chadutsa sipuloketi yaikulu n'kugwera kuseri, pakati pa kaseti, mulu wa masipuloketi uja, ndi masipoko. Mwayi njinga inali yopachikidwa, sindinali pamsewu.

MkonziWakale: A Sipoko36, ndinu mnzathu, koma malangizo amenewa aphwanyitsa magudumu ambiri. Masikuluwu a H ndi L sasintha magiya. Ntchito yawo ndi malire basi: H amaletsa derailleur kupitirira sipuloketi yaying'ono, L amailetsa kupitirira yaikulu n'kulowa m'masipoko. Kuduka kwa kebulo sikuwasuntha. Ngati anali bwino kebulo isanaduke, ali bwino lero. Zikanachitika muli pa liwiro, tcheni chikanadula masipoko, mwinanso derailleur yonse ikanakokedwera m'gudumu.

A Phirilokwera, bwezerani L kanayi komweko. Kenako tsimikizani chonchi: zunguzani pedulo, kankhani derailleur ndi chala chachikulu mpaka itagunda. Kagudumu kake kapamwamba kaime pansi penipeni pa sipuloketi yaikulu, osapitirira. Ngati kakupitirira, mangani L pang'ono. Ngati tcheni chikulephera kukwera ngakhale mukukankha ndi dzanja, masulani kotala.

Sipoko36: Chabwino akulu, ndavomera. Kwa ine zinathekapo, mwina vuto langa linali lina.

MkonziWakale: Tsopano vuto lenileni. Mwati pansi zikuyenda, pamwamba zikusokonekera, ndipo mukakonza uku kwina kumawonongeka. Kukoka kwa kebulo kukakhala kochepa kapena kochuluka, magiya onse amalakwika mofanana. Koma kulakwika kumene kumakula mukamakwera kumaloza zinthu zitatu. Choyamba, shifita ndi derailleur za mitundu yosagwirizana. Chachiwiri, kachitsulo kopachikapo derailleur pa felemu, kotchedwa hanger, kapindika. Chachitatu, waya wadutsa mbali yolakwika ya bawuti. Chithunzi ndinakuuzani chija munajambula?

Phirilokwera: Akulu, ndinaiwala. Manja anali girizi yekhayekha.

MkonziWakale: Ndimadziwa. Jambulani mmene zilili pano.

Phirilokwera: Ndatumiza. Shifita ndi derailleur zonse ndi Shimano, zinabwera ndi njingayi, sindinasinthepo.

MkonziWakale: Ndi pomwepo. Masulani bawutiyo muyang'ane pansi pa kawashala. Muona kamzere kokumbika m'chitsulo. Waya amayenera kugona m'kamzere kameneko. Wanu wadutsa mbali inayo ya bawuti. Zimaoneka zazing'ono, koma zimasintha mtunda umene derailleur imayenda pa kudina kumodzi. Kusiyanako kumawonjezekera pa sipuloketi iliyonse, ndiye pofika yachisanu mwaphonya kale.

Kadzidzi: Mayeso aja ndi amenewa, a Sipoko36. Pa kaseti ya magiya 9 ya Shimano, kuchoka pakati pa sipuloketi imodzi kufika pa inzake ndi mamilimita 4.35. Shifita imakoka waya pafupifupi mamilimita 2.5 pa kudina kumodzi, derailleur n'kuchulukitsa kukokako pafupifupi ka 1.7. Mukasuntha pomangira waya, mwasintha kuchulukitsako. Ndi chifukwa chomwecho shifita ya kampani ya SRAM ya X5 kapena X7 siyenda ndi derailleur ya Shimano ngakhale zonse zili za magiya 9. Iyo imakoka waya wambiri pa kudina kumodzi, pafupifupi mamilimita 4. Ngakhale m'banja la Shimano lomwelo, derailleur ya kumapiri ya magiya 10 simvana ndi shifita ya 9.

Sipoko36: Ndalephera mayesowo, ndibwereza chaka chamawa.

Phirilokwera: Kamzere ndakaona! Waya ndamugoneka mmenemo. Tsopano magiya onse 9 akufikika. Kanati kaja ndizikapotokola bwanji kuti phokoso lithe? Ndimasokonezeka mbali yake.

Tcheni9: Aliyense amasokonezeka, chifukwa kamagwira ntchito mobwerera. Mukakapotokola ngati mukumasula, kamatuluka, paipi imakhala ngati yatalika, waya n'kukungika. Mukakapotokola ngati mukumanga, waya amalefuka. Ndiye yambani pa sipuloketi yaying'ono, zunguzani pedulo, dinani kamodzi. Tcheni chikamazengereza kukwera pa yachiwiri, masulani kanatiko theka la kuzungulira, yesaninso. Chikakwera koma n'kumakhula yachitatu, mwapitirira, bwezani kotala. Mukapeza pomwe pali zii, kwerani mpaka pamwamba n'kutsika, mukumvetsera. Osapotokola kambiri nthawi imodzi, mumasochera.

Amene ali ndi derailleur yakale ya Rapid Rise, imene sipuling'i yake imakokera ku sipuloketi yaikulu, zonsezi azitembenuze. Koma yanu inathawira ku yaying'ono itaduka, ndiye ndi yanthawi zonse.

Matope: Ndachedwa kufika koma ndiikepo ya kutchire, poti mwini nkhani anafika kwawo akukankha. Kebulo ikaduka uli kutali, sikuti basi ukwere mapiri ndi giya yolemera. Kankha derailleur ndi dzanja ifike pa sipuloketi ina yapakati, n'kumanga sikuluwu ya H mpaka iigwire pomwepo. Imatha kukupatsa yachiwiri kapena yachitatu, kutengera utali wa sikuluwu. Werenga maulendo amene wapotokola kuti ukabwezere. Njira ina, imene ine ndimaikonda, ndi kusiya waya womangika kumbuyo, kukankha derailleur pa giya yomwe ukufuna, n'kukokera waya wotsalayo pansi pa bawuti ya poika botolo la madzi, n'kumanga. Umakhala ndi giya imodzi, koma yosankha wekha. A Mkonzi musandikalipire chifukwa cha H.

MkonziWakale: Kutchire ndikulolani. Mukafika kunyumba mubwezere.

Phirilokwera: Ndayesa pamsewu. Kukwera ku masipuloketi akuluakulu kuli bwino kwambiri, kungodina chalowa. Koma potsika ku ang'onoang'ono chimachedwa. Ndimadina, ndipalase kawiri katatu, ndiye chigwe. Ndikalefula waya kuti chizitsika msanga, kukwera kumayambanso kuvuta.

MkonziWakale: Taonanatu. Pokwera, chala chanu ndi chimene chimakoka waya, ndipo chala chili ndi mphamvu. Potsika, shifita imangomasula, wokoka ndi sipuling'i ya mu derailleur yokha. Waya akamakhula m'paipi, sipuling'iyo imalephera kumubweza msanga. Kanati sikangathetse zimenezi ngakhale mutapotokola usiku wonse. Paipi yanu yatha mkati. Kunja imaoneka bwino chifukwa ndi pulasitiki, koma mkati muli kapaipi kena kosalala kamene kamadyeka, ndipo fumbi ndi madzi zimalowamo. Chigawo chimene chimafa msanga ndi chomaliza chija, chokhota polowa mu derailleur, poti ndi chimene chimamwa matope a gudumu. Chotsani kachipewa kakumapeto kwake muone.

Phirilokwera: Ndachotsa. Timawaya ta paipi tatulukira kunsonga, tofiira ndi dzimbiri, tina tabowola kachipewa. Mwandigwira akulu. Ndili ndi paipi yotsala ya mabuleki, ndingaikepo?

MkonziWakale: Idzayenda, koma magiya sadzalowa mwaukhondo. Paipi ya mabuleki, ya mamilimita 5, chitsulo chake n'chozengedwa ngati sipuling'i, ndipo imafinyika pang'ono waya akakoka. Ya magiya, kawirikawiri ya mamilimita 4, timawaya take timayenda m'litali, n'chifukwa chake siifupika. Ndipo pomwe tafika apa ndinene mokweza kwa onse: paipi ya magiya musaiike ku mabuleki. Mukafinya buleki mwamphamvu imatha kuphulika m'mbali, mabuleki n'kusowa nthawi yomwe mukuwafunitsitsa.

Podula yatsopano, yezerani pa yakale chigawo ndi chigawo. Ya kutsogolo ikhale yoti handulo izitembenuka mpaka kumapeto mbali zonse popanda kukoka. Ngati njinga ili ndi shoko kumbuyo, siyani mpata woti felemu izipinda. Dulani ndi chodulira makebulo chenicheni. Pulayala wamba imaphwanya paipi m'malo moidula. Mukadula, bowo limatsekeka pang'ono, litseguleni ndi sipoko yonola ija, n'kuveka kachipewa mpaka kagunde. Waya mumupake oyilo wopepuka pang'ono chabe. Girizi wolimba amagwira waya n'kuitana fumbi. Paipi zina zimabwera zopakidwa kale mkati, zimenezo musawonjezere kanthu.

Sipoko36: Yangatu ija ya makebulo atatu nayonso imachedwa kutsika. Ndimangoti ndi ukalamba wa njinga.

Tcheni9: Ndi ukalamba wa paipi, aise.

Phirilokwera: Nkhani yabwino. Ndinapita ndi paipi yakale kwa wokonza njinga, anandidulira zigawo zonse zitatu ndi chodulira chake. Mwayi kebulo ndinali ndisanaidule monga munanenera, yadutsa mosavuta. Tsopano kukwera ndi kutsika zonse zikungoti khethe, khethe. Kodinira kafewa moti ndimakayika ngati ndadinadi. Waya wotsala kumbuyo ndisiye wautali bwanji?

MkonziWakale: Masentimita atatu kuchokera pa bawuti akwanira. Wautali amalowa m'masipoko kapena m'tcheni. Vekani kachisoti kunsonga n'kukafinya ndi pulayala. Ngati mulibe, kadontho ka guluu wolimba kamagwira timawaya kuti tisamasuke. Mukakwera masiku angapo magiya adzayamba kuzengereza pang'ono kukwera. Anthu amati kebulo yatamuka, koma kwenikweni ndi paipi imene ikukhazikika m'tizipewa take. Masulani kanati kaja kotala kapena theka, zatha. H ndi L muwasiye mmene alili.

Mlongo_wa_Njinga: Mnzanga uja akuti ulusi watuluka pa ulendo wachisanu. Akuthokoza.

Phirilokwera: Zikomo nonse. Kebulo ya magiya akutsogolo nayonso ndaona kawaya kamodzi katuluka pafupi ndi bawuti. Loweruka ndiisintha, ndipo ulendo uno ndiyamba ndi kujambula.

Tcheni9: Mujambule musanagwire girizi. Ndipo yakutsogoloyo muone ngati waya akulowera pamwamba kapena pansi, chifukwa ngati amadutsa kunsi kwa felemu pali kapulasitiki komutsogolera, nako kamadzaza matope.